Kwa iwe Naphiri, za zidole za mwana zija unandifunsa

Naphiri mnzanga,

Uli bwanji kumeneko ku Leeds ku England ndi kuzizira kwanu kuja? Bambo a mwana ali bwanji, nanga kamfumukazi kathu kakukula? Kuno ku Kabwata tili bwino ndithu, mvula yoyamba inagwa sabata yatha nde fumbi la October lija lagona, usiku wake ana anali kalikiliki kutola inswa pansi pa getsi la pakhonde mpaka ndinachita kuwalowetsa mnyumba mokakamiza. Mango ayamba kuoneka pa msika wa Soweto olo kuti akadali odula. Amayi abwera kuchokera ku Katete, akupereka moni, ati uwatumizire chithunzi china cha mwana chifukwa chija cha mu August anachionetsa kale mudzi wonse nthawi ya Kulamba.

Vidiyo ija unanditumizira uli mu shopu ya zidole ndaionera katatu. Mashelefu kuyambira pansi mpaka kudenga, china chikuthwanima, china chikuimba, china chikuwerenga manambala chokha, iwe uku ukunong'ona kuti mnzanga ndigule chiti apa poti Khrisimasi yayandikira, mwana wanga asatsalire. Mawu akuti asatsalire amenewo ndi amene andikhazika pansi kuti ndilembe kalata yonseyi mmalo mokuyankha pa voice note, chifukwa ndinamva mantha m'mawu ako mwandi. Uli wekha kutali, mwana ndi woyamba, ulibe amayi kapena azakhali pafupi oti akuuze kuti zili bwino, nde bokosi lililonse lolembedwa kuti limakulitsa ubongo wa mwana likukuitana. Ine zaka 11 izi ndakhala ndi ana a nasale tsiku ndi tsiku, kuphatikiza anga atatuwa, nde ndilole ndikuuze zomwe ndaona ndi maso anga komanso zochepa zomwe tinaphunzira ku koleji.

Ukanyamula chidole mu shopu, usanayang'ane mtengo udzifunse kuti kodi apa agwire ntchito ndani, mwana kapena chidolechi? Chija cha mabatani chija, mwana akangodina kamodzi chimaimba chokha, kuvina chokha, kuyatsa magetsi chokha, mwana n'kungokhala kukamwa yasa kuonerera. Ntchito yonse yagwiridwa ndi batire. Manje mupatse makapu atatu apulasitiki osiyana kukula uone, awagogoda, awaluma, ayesa kulowetsa yaikulu mu yaing'ono zikana, akwiya pang'ono, atembenuza, ayesanso, mpaka tsiku lina zitheka ndipo akuyang'ana iwe kumaso kuti amama mwaona? Apo wagwira ntchito ndi mwana, manja ake, maso ake ndi mutu wake, ndipo kuphunzira kwa khanda kumachitikira pomwepo.

Palinso china chomwe zidole zolankhula zimatibera osadziwa. Ku America mayi wina wofufuza dzina lake Anna Sosa anajambula mawu m'makomo a makolo 26 akusewera ndi ana awo a miyezi 10 mpaka 16, zotsatira zake zinatuluka mu 2016. Anapeza kuti akamasewera ndi zidole za mabatire makolo ankalankhula mawu ochepa, kuyankhana ndi mwana kunkachepa, kusiyana ndi pomwe ali ndi mabuloko wamba kapena mabuku, mwananso ankatulutsa mawu ochepa kusiyana ndi pomwe ali ndi mabuku. Ine nditawerenga sindinadabwe olo pang'ono, ndimaziona pa phwando lililonse la birthday, chidole chikayamba kuimba akuluakulu tonse timakhala chete kuchipatsa mpata. Koma mwana saphunzira kulankhula kwa chinthu chomwe sichimuyankha. Iye akati ba-ba amafuna wina amuyang'ane, amubwezere kuti eee ba-ba, wafuna baba? Chidole chimangobwereza nyimbo yake yomweyo kaya mwana waseka kaya walira.

Wako ali ndi miyezi 7 tsopano eti? Wayamba kukhala yekha, akusuntha chinthu kuchoka dzanja ili kupita linalo, ndipo chilichonse chomwe wagwira chikuthera mkamwa, dovu chuchuchu. Usamuletse kwambiri za mkamwazo, pa msinkhu uwu kamwa ndi limene limamuuza kuti ichi n'cholimba, ichi n'chofewa, ichi n'chozizira, komanso nkhama zikumuyabwa poti mano ali m'njira. Ntchito yako ndi kuonetsetsa chabe kuti zomwe zili pafupi naye ndi zoyera komanso zazikulu. Wanga wachisamba ali choncho ndinali ndi kadengu kena ndinagula pa Luangwa Bridge pochokera kumudzi, mommo ndinkaikamo mthiko waung'ono watsopano, kambale kachitsulo, chivindikiro cha poto, kansalu ka chitenje, sipuni yaikulu, ndi kabotolo kapulasitiki komwe ndinaikamo nyemba n'kumata chitsekerero ndi guluu kuti chisatsegukenso. Ndinkamukhazika pa mphasa ine ndili pompo ndikusadzula ndiwo, amatulutsa chimodzichimodzi, kuchiyang'ana, kuchilawa, kumenya pa kambale ngwee ngwee, n'kutenga china. Masiku akapita ndimachotsamo ziwiri kuikamo zina, kwa iye ndiye kuti dengu latsopano.

Miyezi iwiri ikubwerayi uona zinthu zosangalatsa. Cha pa miyezi 8 kapena 9 mwana amayamba kuzindikira kuti chinthu chikabisika sikuti chatha, chilipobe. Uyese, tenga sipuni umuonetse kenako uiphimbe ndi kansalu iye akuona, lero mwina angoyang'ana kumbali ngati palibe chomwe chachitika, koma tsiku lina adzakoka kansaluko n'kuipeza, ndipo nkhope yomwe adzaonetse tsiku limenelo undijambulire chonde. N'chifukwa chake masewera obisa nkhope m'manja n'kutulukira amawaseketsa chonchija. Nthawi yomweyo adzayamba kugwetsa zinthu dala ali pa mpando wake wodyera, iwe kutola iye kugwetsanso, kakhumi konse. Si mwano umenewo, akuyesa ngati chigwanso pansi ngati poyamba, ngati sipuni ilira mofanana ndi kapu, komanso ngati amama abweranso. Kenako adzayamba kutola tinthu ting'onoting'ono ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, kambewu ka mpunga pa kapeti adzakaona iye iwe usanakaone, ndipo apa mpomwe nkhani ya chitetezo imakulira.

Apa ndikhalitsapo chifukwa zinandionekera ine. Mzime wanga ali ndi chaka ndi miyezi iwiri ndinamugulira kafoni kachidole mu shopu ina mtauni, kotchipa, koimba nyimbo ukadina. Sindinayang'ane kumbuyo kwake kuti kachitseko ka mabatire kanali kongokanikiza chabe, kopanda sikuluwu. Tsiku limenelo magetsi kunalibe, ine ndili panja pa mbaula ndikuvundula nsima, mnyumba munangoti zii, ndipo ukudziwa kuti mwana wa msinkhu umenewo akakhala chete ndiye kuti pali chomwe wapeza. Ndinamupeza pansi pa tebulo, kafoni kali m'manja, kachitseko kali apo, timabatire tozungulira ngati mabatani a malaya tiwiri tili pansi. Kafoniko kankalowa titatu. Naphiri, miyendo inandizizira. Ndinamutsegula kukamwa mulibe, ndinasesa ndi manja pansi ponse palibe, nsima ndinaisiya pamoto pomwepo ndikumuponya kumbuyo ndi chitenje kuthamangira kumsewu kukaimitsa takisi. Kuchipatala anamujambula X-ray, Mulungu ndi wabwino munalibe kanthu m'mimba, kachitatuko mlongo wake anakapeza madzulo kali kunsi kwa mwendo wa sofa. Koma nesi amene anatithandiza anandiuza mawu omwe sindidzaiwala, kuti kabatire kotere kakakakamira pam'mero kamawotcha mnofu ndipo mu maola awiri okha kakhoza kuvulaza koopsa, mwana akuoneka ngati ali bwinobwino. Nde ukangokayikira kuti wameza, usadikire kuti uone ngati asanze kapena alire, usamusanzitse, thamangira kuchipatala, kolandirira odwala mwadzidzidzi, nthawi yomweyo. Ndipo timabatire timeneti sitili mu zidole mokha, tili mu rimoti, mu kiyi ya galimoto, mu makadi oimba a Khrisimasi, mu timakandulo tamagetsi tija.

Zina zoti uziyang'ana ndikuuze mwachangu. Chilichonse chomwe chingalowe mu kachubu ka pakati pa tishu ya kutoileti n'chaching'ono kwa mwana wosakwana zaka 3, akhoza kutsamwa nacho, ine kachubu kameneko ndimasunga mu kabati ya m'kalasi ndipo chidole chilichonse chomwe makolo abweretsa chimayamba chadutsa pamenepo. Maso a tizimbalangondo tansalu uziwakoka ndi zala mu shopu momwemo, akagwedera kasiye. Baluni yophulika ndi yoopsa maningi chifukwa kachidutswa kake kamamata pakhosi. Timaginito ting'onoting'ono, mwana akameza tiwiri timakokana matumbo ali pakati mpaka kuboola. Zingwe zazitali ndi mikanda ya m'khosi ayi, ndipo m'kabedi kake pogona musakhale chidole, pilo kapena chansalu chilichonse. Kumeneko muli ndi mwayi woti zidole za mu shopu zimakhala ndi chizindikiro cha CE kapena UKCA chosonyeza kuti zatsata malamulo a chitetezo, komanso kankhope ka mwana kodulidwa ndi mzere wofiira kolembedwa 0-3, ukakaona kameneko usanene kuti wanga ndi wochenjera atha, chizindikirocho sichikunena za nzeru, chikunena za pakhosi. Zotchipa zoitanitsa pa intaneti kwa ogulitsa osadziwika ndi zomwe uzisamala nazo kwambiri. Za ku charity shop zilibe vuto, n'chimodzimodzi salaula wathu, ine mabuloko abwino kwambiri a m'kalasi mwanga ndinawapeza mu salaula, kungowachapa ndi sopo n'kuwayanika padzuwa, koma zathabwa zakalekale zomwe penti yake ikusupuka uzisiye chifukwa penti yakale ina inali ndi mtovu. Ife a ku Zambia za mtovu sitichita kuuzidwa, mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994 koma mpaka lero ana kumeneko akupezeka nawo m'magazi chifukwa cha fumbi, ndipo umawononga ubongo womwewo womwe tikufuna kuukulitsawu.

Woka ija unaionetsa kumapeto kwa vidiyo, ya mataya yomukhazika mwana pakati, imeneyo usagule mnzanga olo anzako akuntchito akupatse yaulere. Simuphunzitsa kuyenda, amangotereka ndi zala zakumapazi, ndipo imamupatsa liwiro loti afike pa masitepe kapena pa waya wa ketulo iwe usanatembenuke. Ku Canada anailetsa kugulitsa kuyambira 2004. Nyumba zanu za kumeneko ndi za masitepe, nde chonde. Muyale bulangete pansi, mugoneke chafufumimba kapena mukhazike, chidole uchiike patali pang'ono poti achite kudzikoka kuti achifikire, kukwawa kumayambira pamenepo. Akayamba kuimirira adzagwira sofa yekha.

Za foni ndi TV ndikudziwa kuti n'zovuta, ukaweruka ku night shift thupi lonse likuwawa ndipo katuni ndi yokhayo yomwe imamutontholetsa kuti usambe. Sindikuweruza, nanenso ndinapatsirapo ana anga foni. Koma a WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, mu 2019 analangiza kuti mwana wosakwana zaka 2 asamaonere sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapyole ola limodzi patsiku. M'kalasi ndimawadziwa ana omwe akulira pa foni, nyimbo za alifabeti amaimba bwino zedi koma ukamupatsa mabuloko sadziwa poyambira, amadikira kuti chinachake chichitike chokha. Video call ndi agogo ake ija ndi nkhani ina, poti kumeneko kuli munthu amene akumuyankha, imeneyo muziimba ndithu.

Ukukumbuka mmene tinakulira ku Katete? Ndani anatigulirapo chidole ife? Chitsononkho tinkachikulunga kansalu n'kuchibereka kumbuyo tsiku lonse, mvula ikagwa ngati pano tinkakatapa dongo kudambo kuumba ng'ombe ndi timiphika, masanje kuseri kwa nkhokwe ndi zitini, achimwene ako ndi anzawo kupinda mawaya mpaka galimoto yokhala ndi chiwongolero chokhota mataya enieni. Nsolo pansi pa mtengo, kuwerenga manambala tinaphunzira pamenepo tisanaone bolodi. Sindikunena kuti umphawi unali wabwino ayi, mabuku tinalibe ndipo zinatipweteka, koma manja athu ndi mitu yathu sizinkakhala chabe. Ku koleji anatiphunzitsa za a Robert Serpell, amene anadzakhala mkulu wa yunivesite ya UNZA, iwowa anachita kafukufuku m'midzi ya kwathu komweko ku Katete m'ma 1970. Ankafunsa akuluakulu kuti mwana wanzeru ndi wotani, ndipo anapeza kuti kwa Achewa nzeru si kuchenjera kokha, n'kutumikiranso, mwana woti ukamutuma amamva, amapita n'kubwera nacho, wokhulupirika. Pa kafukufuku wina yemwe anatuluka mu 1979 anapatsa ana a mu Lusaka ndi ana a ku England ntchito yokopera zithunzi, pogwiritsa pensulo ndi pepala a ku England anapambana, popinda waya a kuno anapambana, poumba anafanana. Mwana amakhala katswiri pa chomwe manja ake azolowera, basi. Tsiku lomwe tinaphunzira zimenezi ndinakumbuka achimwene ako ndi magalimoto awo, anthu ankangoti akutaya nthawi.

Nde za kutumikirazo usaziiwale kumeneko. Akayamba kuyenda uzimutuma, tenga nsapato za adadi, ika masokosi mu basiketi, bweretsa kapu yofiira ija. Kwa iye ndi masewera okoma kuposa chidole chilichonse, ndipo mommo muli kumva mawu, kukumbuka, kusiyanitsa mitundu, ndi kudziwa kuti iyenso ndi munthu wofunika pakhomo.

Kafukufuku amene ndimamukonda kwambiri, amene ndimauza makolo a m'kalasi mwanga akamadandaula kuti alibe ndalama za zidole, ndi wa ku Jamaica. Mu 1986 ndi 1987 ku Kingston anatenga ana opinimbira a m'mabanja osauka, a miyezi 9 mpaka 24, azaumoyo ankawayendera pakhomo kamodzi pa sabata kwa zaka ziwiri, kuwonetsa amayi awo kasewedwe ndi mwana pogwiritsa zidole zopanga okha, za mabotolo, zitini ndi nsalu, ndi kumalankhula naye, kumuyamikira akachita bwino. Patapita zaka 20 anawalondola ana aja ali akuluakulu, ndipo omwe ankayenderedwa aja ankapeza ndalama zochuluka ndi 25 peresenti kuposa anzawo omwe sanayenderedwe. Mabotolo ndi zitini mnzanga. Chomwe chinasintha ana aja ndi mayi kukhala pansi ndi mwana wake n'kumasewera naye.

Sindikuti usagule kanthu ayi, ndalama ndi zako wazivutikira ndipo kugulira mwana kumakoma. Ukafuna za Khrisimasi ino gula makapu olowetsana aja, amatchipa koma adzawagwiritsa ntchito mpaka zaka zitatu, lero akuluma, mawa akumanga nsanja, mkuja akuthira madzi posamba. Gula mpira wofewa woti agwire ndi manja awiri, timabuku ta makatoni olimba ta zithunzi zazikulu, ndi kagalasi kapulasitiki kosasweka kaja poti makanda amakonda nkhope kuposa china chilichonse. Akakwanitsa chaka uwonjezere mabuloko athabwa kapena akuluakulu a Duplo, kabokosi koponyamo zinthu m'mabowo, ndi kangolo kokankha kolemera bwino komwe iye amayenda pambuyo pake. Zaka ziwiri zikakwana ndi nthawi ya kachidole ka mwana, timapoto, makrayoni onenepa ndi puzzle ya zidutswa zinayi kapena zisanu. Kachidoleko uyesetse kupeza kakuda ngati iye, ka tsitsi ngati lake, kumeneko timapezeka mosavuta kuposa kuno, zimandiwawa kuona ana a m'kalasi mwanga onse akubereka tiazungu ta tsitsi lachikasu ndipo wina anandiuzapo kuti kake ndi kokongola chifukwa n'koyera.

Usamuunjikire zonse pakamodzi. Zikachuluka pansi mwana amangogwira ichi kutaya, kugwira icho kutaya. Tulutsa zinayi kapena zisanu, zina ubise mu kabati, pakatha sabata kapena awiri usinthe. Ndipo mawu akuti Montessori omwe ali pa mabokosi ambiri mu vidiyo yako asakutengere ndalama. Maria Montessori anali dokotala wa ku Italy, anatsegula sukulu yake yoyamba ku Rome mu 1907 ya ana a anthu osauka, ndipo mfundo yake inali yoti mwana azichita yekha zinthu zenizeni ndi manja ake, kuthira madzi, kusesa, kumanga mabatani. Dzina lakelo lero wogulitsa aliyense akhoza kulilemba pa bokosi. Zina mwa izo n'zabwino ndithu, koma mtsuko waung'ono ndi kapu pa sinki yako zikuchita zomwezo.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ine pa mwana wathuyu si zidole, n'chakuti kumeneko alibe gulu. Kuno khanda limachoka pamsana pa amake kupita kwa azakhali, kwa ana a neba, aliyense kuliseketsa, kuliimbira, kulitchula maina, pofika madzulo lamva mawu a anthu khumi. Iwe uli mu flat, kunja kukuda 4 koloko, bambo ake ali kuntchito. Nde gulu lonselo ndiwe mnzanga, ndipo ndikudziwa kuti n'zolemetsa. Uzingolankhula naye pa chilichonse chomwe ukuchita, pano tikusamba, madzi ofunda, mwendo uwu, mwendo winawu, tikuvala juzi. Ukamaphika muike pa mpando wake akuone, mupatse mthiko wake. Ku library ya kwanuko unandiuza kuti kumakhala tsiku la makanda loimba nyimbo ndipo mabuku amabwereketsa ulere, uzipita olo kukuzizira, iye akaone ana anzake iwenso ukaone akuluakulu anzako.

Ndipo uzimulankhula Chichewa. Ichi ndikupempha ndi mtima wonse. Chizungu adzachipeza ku nasale, pa TV, mumsewu, paliponse, sichingamuphonye, koma chathuchi akapanda kuchimva kwa iwe sadzachimva kwa wina aliyense. Anthu ena adzakuuza kuti zinenero ziwiri zimamusokoneza mwana, si zoona, ana a mu Lusaka muno amakula ndi Chinyanja, Chibemba ndi Chizungu pakamodzi ndipo amadziwa bwino woti amulankhule chiti. Buku olo likhale la Chizungu, iye sawerenga, iwe uziloza chithunzi n'kunena kuti galu uyu, akuti bwanji galu, nkhuku iyi, ili ndi anapiye angati. Nyimbo zomwe amayi ako ankatiimbira potigoneka zija uzimuimbira, olo utaiwala mawu ena. Ndikufuna tsiku lomwe mudzatsike pa Kenneth Kaunda Airport adzathe kuyankha agogo ake akamufunsa kuti uli bwanji.

Unafunsanso zoti utumizire ana a m'kalasi mwanga. Zikomo kwambiri mnzanga, Mulungu akudalitse. Chiyambireni maphunziro aulere mu 2022 ana achuluka zedi m'makalasi ndipo zipangizo sizikwanira, ambiri timapanga tokha ndi makatoni, zitsekerero za mabotolo kwa ana okulirapo, ndi matumba a simenti. Za mabatire usatumize, zimafa mwezi umodzi ndipo mabatire ake sitingakwanitse. Ukapeza mu charity shop mabuloko, ma puzzle athabwa okwanira zidutswa zake, makrayoni, timasizasi ta ana tosasongoka ndi mabuku a zithunzi, zimenezo ndiye zitithandiza kwa zaka. Usavutike ndi zatsopano.

Ine kuno ndayamba kale kukonza kaphukusi ka mwana, ndidzapatsira mlamu wako akamabwerera mu January. Telala wa pa msika akusoka kabuku kansalu ka zidutswa za chitenje, tsamba lililonse nsalu yake yake, ina yosalala ina yokhakhala, kopanda mabatani kapena mikanda. Ndatsukitsanso zithunzi za amayi ako, za achimwene, za ine ndi ana, ndazimata pulasitiki kuti olo alume zisaonongeke, uzimuonetsa n'kumamutchulira kuti awa ndi agogo, awa amalume. Amayi abweretsa maseche aang'ono kuchokera kumudzi koma amenewo uziliza ndiwe, iye asawaike mkamwa poti muli tinjere. Muli kamthiko ndi kachipande kake, komanso kachitenje kakang'ono kodzaberekera chidole chake akadzayamba kuyenda. Wachisamba wanga naye waumirira kuti apinda galimoto yawaya, ndamuuza kuti mwana akadali wamng'ono mawaya angamubaye, iye akuti muziika pa shelefu mpaka adzakule, nde musadabwe mukaipeza mu phukusimo.

Undiyankhe ukapeza mpata, undiuze ngati mano atuluka komanso ngati wayamba kudzikoka pansi. Upereke moni kwa bambo a mwana, kamfumukaziko ukapsompsone m'malo mwanga. Mawa ndili ndi ana 8 koloko ndipo sindinadule makatoni a phunziro la mawa, nde ndilekeze pano.

Ndine mnzako wa ku Kabwata,
amake anyamata